Mutu 7: Kambedza pa Mzere Wachitatu

1. Timizere titatu

Kwathu kuno m'chigawo cha Quezon, mwana akasankhidwa kukaimira sukulu pa mpikisano wa nyuzipepala za ana asukulu, tauni yonse imadziwa dzuwa lisanalowe. Ngakhale anthu amene sanagulepo nyuzipepala chibadwire amayamba kupereka malangizo.

Chaka chimenecho anasankhidwa Luningning Dimaano, amene tonse timangomutcha Ningning, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, wa giredi 10. Gawo lake silinali lolemba nkhani. Linali lokonza nkhani ya Chingerezi imene oweruza aidzaza ndi zolakwika mwadala. Amakupatsa pepala ndi ola limodzi, iwe n'kumasaka zolakwikazo ndi pensulo.

Ntchitoyi ili ndi zizindikiro zake. Chilembo chofunika kukula umachijambulira timizere titatu kunsi kwake. Chilembo chimene chakula popanda chifukwa umachidula ndi kamzere kopendekera. Papepalapo sulembapo dzina. Umalembapo nambala yokha, kuti oweruza asadziwe mwini wake.

Kwa Ningning sanali masewera. Sukulu ya m'tauni mwathu imathera giredi 10. Koleji ina ya mu mzinda wa Lucena inalonjeza kuti ana atatu opambana idzawaphunzitsa giredi 11 ndi 12 mwaulere, chogona ndi chakudya chomwe. Atatu okha.

Amayi ake, a Celing, anali atamuuza kale mosapita m'mbali. "Ukapanda kupeza malo amenewo, mu Juni ukupita ku Manila kukathandiza azakhali ako m'sitolo. Bambo ako anatisiyira mitengo ya kokonati makumi atatu. Mitengo imeneyo singaphunzitse ana atatu."

Lachiwiri ana ena ataweruka, Madamu Abrenica, mphunzitsi wa Chingerezi, anatsala naye m'kalasi monga mwa masiku onse.

"Mawu akuti river ndi amtundu wanji?" anafunsa Madamu.

"Ndi dzina lopanda mwinimwini, Madamu."

"Nanga apa walikuziranji?"

"Apa akunena Iyam River. Ndi mtsinje umodzi wokha, uli ndi dzina lake."

"Nanga march?"

"Akakhala mneni, kutanthauza kuguba, ndi wamng'ono. Akakhala mwezi amakula."

"Nanga mayor?"

"Akakhala yekha ndi wamng'ono, Madamu. Amakula akatsamira dzina la munthu."

"Ameya athu asazimve zimenezo," anatero Madamu, nkhope ili gwa. "Mutu uli nawo, Ningning. Vuto lako ndi changu. Ukaona chilembo chimodzi wathamangira kale china, ngati nkhuku yotola mpunga. Lachisanu ku mpikisano ukadekhe."

2. Mphatso ya a Ninang

Lachitatu masana traisikolo, njinga yamoto ya kangolo m'mbali ija, inaima pachipata cha a Dimaano. Munatsika a Perla Salvacion, atanyamula bokosi la keke.

A Perla ndiwo anamunyamula Ningning pa ubatizo. Munthu wotere kwathu timati Ninang, ndipo ndi mayi wako wachiwiri mpaka imfa. Anali mkulu wa Chingerezi pa sukulu ina yaikulu, munthu wotchuka moti anthu ankachita kulimbirana kuti awanyamulire ana. Ana awo a ubatizo anapitirira makumi anayi. Koma Ningning sanamuiwalepo. Nsapato za Khirisimasi zinkachokera kwa iwo, ndipo atadwala malungo aakulu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, galimoto yopita naye kuchipatala anaipeza ndi iwo.

Ningning anawathamangira, natenga dzanja lawo lamanja n'kuliika pamphumi pake kupempha dalitso.

"Mulungu akudalitse, mwanangu. Koma wawonda bwanji! Celing, mwanayu ukumudyetsa mabuku okhaokha?"

Atamwa khofi, a Ninang anayang'ana kukhomo, natsitsa mawu.

"Lachisanu ndili m'gulu la oweruza. Gawo lako lomwelo."

A Celing anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

A Ninang anatenga kathumba kapepala kamene munali buledi, nakatembenuza. Anajambulapo timizere titatu. Tiwiri tinali towongoka. Kachitatu anakapinda kumapeto, n'kukhala ngati kambedza.

"Ukamakuza chilembo, kamzere kachitatu uzikapinda chonchi. Pang'ono pokha. Wina aliyense adzati ndi kalembedwe ka mwana. Ine ndidzadziwa kuti pepala ndi lako."

"Koma Ninang, paja amati..."

"Amati, amati. Tamvera kuno. Ana a m'sukulu za mu mzinda ali ndi makompyuta, ali ndi aphunzitsi apadera, amadya mazira m'mawa uliwonse. Iwe uli ndi chiyani? Uli ndi ine. Tsiku lija pa guwa ndinalonjeza pamaso pa wansembe kuti ndidzakuyang'anira. Sindikukubera mayankho ayi. Ndikungofuna kuti diso langa likhale lofewa likafika pa iwe. Lende n'kukankhana, mwanangu. Lero ndakukankha ine, mawa ukadzakula udzakankha wina."

Ningning anayang'ana amayi ake.

"Thokoza a Ninang ako," anatero a Celing. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

"Zikomo, Ninang."

Musamuweruze msanga mwanayu. Kwathu mphatso ya Ninang sikanidwa. Ngakhale akupatse diresi lokulepheretsa kupuma, umavala n'kumwetulira.

3. Njati ya Lolo Berting

Lachinayi kusukulu Ningning anayesera kambedza kaja pa pepala lokonzekera. Poyamba dzanja linkakana. Pofika pakati pa tsamba linali litazolowera. Pepalalo analipereka kwa Madamu osaganiza kawiri, ndipo lina anabwera nalo kunyumba.

Anakhala pa masitepe n'kumalikonza. Pansi pa nyumba yawo yokwezeka pa mizati, pa mthunzi, panali agogo ake aamuna, Lolo Berting, bambo wa malemu bambo ake. Mkuluyu anagwira ntchito yosanja zilembo pa makina osindikizira kwa zaka makumi anayi. Makinawo atatha ntchito anabwera ndi mabokosi awiri a zilembo zachitsulo, ndipo ankawapukuta fumbi sabata iliyonse. Anali wovuta. Akaona chikwangwani cholembedwa molakwika ankalowa m'sitolomo kukakangana ndi mwini wake.

"Bwera nalo kuno ndione."

Anavala magalasi, nayendetsa chala pa tsambalo. Chala chinaima.

"Dzanja lako lapweteka?"

"Ayi, Lolo."

"Nanga mizereyi yamera michira bwanji? Ine ndinakuphunzitsa yowongoka."

Ningning anaweramitsa mutu.

"Dzulo ndinali pansi pano. Pansi pa nyumba yansungwi pamamveka zonse. Khala apa."

Mtsikana anakhala pa benchi. Lolo anakoka mabokosi aja.

"Bokosi ili linkakhala pamwamba. Muli zilembo zazikulu, ndipo ndi zochepa. Ili linkakhala pansi, la zing'onozing'ono, zambirimbiri. Chaching'ono chikagwa pansi tinkangochisiya mpaka nthawi yosesa. Chachikulu chikagwa, aliyense ankagwada kuchisaka, chifukwa popanda icho sungalembe dzina la munthu. Munthu aliyense ndi mtsikana, ndi mnyamata, ndi mlimi. Amenewo ndi ambiri. Koma Luningning Dimaano ndi mmodzi. Dzina limenelo likada, kulibe bokosi lina lokatengako latsopano."

"Lolo, papepala paja sitilembapo dzina."

"N'chifukwa chake akufuna uliike mobisa. Tsono tamvera, ndikuuze chimene sindinauzepo ngakhale bambo ako.

"Ntchito yosindikiza anandipezera ndi a Ninong anga, bambo wanga wa ubatizo. Ndili ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri, tinalandira ntchito yosindikiza matikiti a maere a chikondwerero cha woyera wa tauni. Mphoto inali njati yoweta, imene kuno timalimira. A Ninong anabwera nati, 'Berting, nambala iyi uisindikize kakhumi ndi kawiri. Matikiti otsalawo undipatse, ndikaponya ndekha mu mgolo wa maere.' Anati palibe amene akubedwa, ndi mwayi chabe tikuuthandiza. Ndinasindikiza. Njati inapita kwa mwana wawo. Anthu anaomba m'manja, inenso ndinaomba.

"Ndinkayesa zathera pomwepo. Patapita zaka ziwiri kunabwera zisankho. A Ninong anabwera ndi kapepala konyoza mphunzitsi wina amene ankatsutsana nawo. Zonse zinali zabodza. Ndinati, 'Izi zokha ayi, Ninong.' Sanakalipe. Anangondiyang'ana nati, 'Njati ija ikulima bwino, Berting.' Ndinasindikiza mapepala mazana asanu. Mphunzitsiyo anasamuka m'tauni muno ndi ana ake, ndipo ine ndinamuona akukweza matumba pa basi.

"Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, mpaka tsiku limene tinawaika m'manda, sindinathe kuwakanira kalikonse. Mbedza imeneyi yang'anitsitsa, mdzukulu wanga. Nsomba imaona nyambo yokha. Chingwe chili m'manja mwa mwini wake."

"A Ninang si munthu woipa, Lolo."

"Ndani wanena kuti ndi woipa? A Ninong anganso ankandikonda. Ndicho chimapangitsa kuti chingwe chikhale cholimba."

"Nanga ndikalephera? Ndikupita ku Manila."

Lolo anavula magalasi.

"Mwina upitadi. Sindikunamiza kuti ukawongola mzere ndiye kuti wapambana. Kuli mtsikana wina kuphiri uko, wopanda Ninang woweruza, amene nayenso amayi ake amuuza za Manila. Ukakwera ndi kambedza, watsika ndi iyeyo. Ine ndanena. Pensulo ili m'manja mwako."

A Celing anasuzumira pazenera, naitana apongozi awo monga timaitanira bambo kwathu kuno. "Tatay, musamusokoneze mwana. Mawa ali ndi ulendo."

"Wakutsina khutu ndi mnansi, Celing," anayankha Lolo, n'kubwerera ku mabokosi awo.

4. Ola limodzi ku Lucena

Lachisanu m'mawa Ningning, amayi ake ndi Madamu Abrenica anakwera jipini yoyamba, kabasi konyamula anthu ka kwathu kuno. Mpikisano unkachitikira pa sukulu ina yaikulu. Pachipata panali piringupiringu, ana ovala mayunifomu amitundumitundu, aphunzitsi atanyamula mafayilo ndi miphika ya mpunga.

A Ninang anadutsa chapatali ndi oweruza anzawo. Atsikana awiri a sukulu zina anawathamangira kukaika dzanja lawo pamphumi. Ningning sanadabwe. Munthu wa ana makumi anayi amakumana nawo paliponse.

M'chipinda munali ana makumi asanu ndi limodzi. Ningning anapatsidwa nambala 38. Woyang'anira anati, "Tembenuzani mapepala."

Nkhani inali ya kusefukira kwa madzi. Mu mzere woyamba momwe munali monday wolembedwa ndi chilembo chaching'ono. Ningning anajambula kamzere koyamba, kachiwiri, kachitatu. Dzanja lija linali litaphunzira dzulo lake. Linapinda lokha.

Anakayang'ana kambedzako. Kanali kakang'ono kwambiri, kochepa kuposa njere ya mpunga.

Kumanzere kwake kunali mtsikana wovala yunifomu yosuluka, nsapato zake zili ndi matope ofiira a kuphiri. Pensulo yake inali yaifupi moti inkabisika m'zala. Ankawerenga akuyendetsa milomo.

Ningning anatenga labala. Anafufuta mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Kenako anajambula kamzere kowongoka.

Kuyambira pamenepo sanathamange. Anadula chilembo chachikulu cha Farmers pakati pa chiganizo. Anakuza dzina la mudzi ndi la mwezi. Anapeza pamene mfotokozi anaikidwa m'malo mwa muonjezi, nakonza. Kamzere kachitatu kalikonse ankakajambula atagwira mpweya, chifukwa dzanja linkafunabe kupinda. Belu linalira atangomaliza kulemba mutu wa nkhani.

"Zayenda bwanji?" anafunsa a Celing panja.

"Ndayesetsa, Nanay," anayankha Ningning, poti kwathu mayi timawaitana chonchi.

"Zija wakumbukira?"

"Ndakumbukira," anatero Ningning. Sananame, koma sanawayang'anenso kumaso.

5. Wachinayi

Zotsatira anazilengeza cha m'ma folo koloko mu holo. Anayambira pa nambala seveni kukwera m'mwamba. Wachisanu anali mtsikana wa nsapato zamatope uja. Kenako wolengeza anati, "Wachinayi, nambala 38, Luningning Dimaano."

Madamu Abrenica anaomba m'manja mwamphamvu. A Celing sanaombe. Wachitatu anali Charmaine Villapando, mmodzi wa atsikana aja anathamangira a Ninang pachipata.

Kunena zoona, palibe nambala yowawa ngati folo pamene akufuna atatu. Wa nambala fifite amapita kwawo akuseka. Wachinayi amakhala ataligwira khomo n'kulimva likutsekeka.

Anthu akutuluka, anakumana ndi a Ninang pakhonde. Ningning anaweramira kutsogolo, natambasula dzanja kuti atenge lawo. A Ninang analowetsa dzanja lawo m'chikwama.

"Ndinalisaka pepala lako kawiri konse," ananena motsitsa. "Ndinakupatsa ambulera, iwe wasankha mvula. Celing, mwana wako wakula. Safunanso Ninang."

Anapita. Dzanja la Ningning linatsala m'malere, anthu akuona. Kwathu kuno kumenyedwa mbama n'kwabwino kusiyana ndi kumanidwa dzanja.

Mu jipini, atadutsa mlatho, a Celing anamufunsa Ningning.

"Unaiwala?"

"Sindinaiwale, Nanay."

"Ndiye wachita dala."

"Inde."

A Celing anatembenukira kuzenera, nayamba kulira mosatulutsa mawu. Sanali mayi woipa. Anali mayi wotopa, amene anaona khomo limodzi lokha lotseguka, ndipo mwana wake analitseka yekha. Madamu anali kutsogolo pafupi ndi dalaivala, sanamve kanthu.

Kunyumba Lolo Berting anali pa masitepe. Ningning anaika dzanja lawo pamphumi, nawapatsa satifiketi. Mkuluyo anaiwerenga kawiri, monga ankachitira ndi tsamba lisanapite pa makina.

"Yowongoka?" anafunsa.

"Yonse, Lolo."

"Dzina alilemba bwino," anatero. Kenako anakhosomola. "Layera."

"Layera, koma akupita ku Manila," anatero a Celing akukwera masitepe. "Mukamuperekeze ndinu ku basi, Tatay, poti mumadziwa kuonerera anthu akukweza matumba."

A Celing nawonso anali atamva zonse tsiku lija. Nyumba yansungwi imamveka mbali zonse ziwiri.

6. Mapepala awiri

Loweruka m'mawa Ningning ankayanika zovala pamene Madamu Abrenica anafika wapansi, atanyamula fayilo. Khofi anakana. Anapempha kuti onse akhale pansi.

"Mpikisano ukatha, aphunzitsi timaloledwa kuona mapepala a ana asanu ndi awiri oyamba aja," anatero. "Ine ndinawajambula pa foni, ndipo la mwana wachitatu uja ndalisindikiza. Mwanayu anasiya zolakwika zisanu ndi zinayi. Ningning anasiya zinayi. Dzulo lomwelo ndinakadandaula kwa akuluakulu a mpikisano."

Anaika pepalalo patebulo. Pansi pa chilembo chilichonse chokuzidwa, kamzere kachitatu kanali kopindika.

"Poyamba ndinati ndi kalembedwe chabe. Koma ndinkaona ngati michira imeneyi ndinaionapo penapake. M'mawa uno ndatsegula kabati yanga."

Anatulutsa pepala lachiwiri, naliika pambali pa loyamba. Linali la Ningning la Lachinayi lija, dzina lake lili pamwamba, timbedza tili mbwee kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Lolo anavala magalasi, kenako anawavulanso.

"Ana awiri a sukulu zosiyana sapinda mzere mofanana mwangozi," anapitiriza Madamu. "Lachisanu sunapinde, ndaona. Koma Lachinayi unkadziwa kanthu. Lolemba m'mawa akuluakulu akufuna umboni. Ukapezeka, wachitatu achotsedwa, ndipo wachinayi akwera. Malo a ku koleji aja ndi ako. Koma amene anaphunzitsa ana chizindikiro ichi ntchito imuthera, ndipo dzina lake limveka m'chigawo chonse. Ine sindikumudziwa. Iwe ukumudziwa."

A Celing anagwira pakamwa. "Ndi amene anakupezera galimoto yopita kuchipatala," ananong'ona. Kenako anayang'ana satifiketi ija pakhoma.

"Lolo?" anaitana Ningning.

"Ine zanga ndinanena kale, mdzukulu wanga. Za a Ninong anga ndinaulula atagona m'manda zaka khumi ndi zisanu. Pamenepa ndilibe choti ndikuphunzitse."

Kunja kunamveka kulira kwa traisikolo. Inaima pachipata. Munatsika a Ninang Perla, bokosi la keke kumanzere, nkhope yawo itatuwa ngati sanagone. Anayang'ana pazenera, naona Madamu ndi mapepala awiri patebulo.

"Ningning, mwanangu," anaitana mofatsa. "Sukubwera kudzandilonjera?"

Dzanja lija anabisa m'chikwama dzulo lake anali atalitambasula kale, likudikira mphumi yake.